Kukazonda wachinyamata amene wavulala kwambiri m'mutu

Mwana akagwa mumtengo wa mango, kapena mnyamata akachita ngozi pa kabaza asanavale chisoti, ubongo umagunda chigaza n'kutupa, mwinanso kukha magazi mkati. Ambiri ovulala motere amatumizidwa ku zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Bala la pakhungu limapola m'masabata ochepa, koma ubongo umatenga miyezi, nthawi zina zaka.

Mwambo wathu ndi wozonda matenda pagulu: achibale, a kumpingo, anzake a kusukulu, onse kuunjirira bedi limodzi. Ndi chikondi ndithu, koma ubongo wovulala sutha kulandira mawu ambiri nthawi imodzi. Phokoso, kuwala kwambiri ndi nkhope zochuluka zimamutopetsa wodwala mpaka kubwadamuka kapena kuyamba kuzula machubu. Lowani awiriawiri, mukhale mphindi 10 kapena 15, ndipo azilankhula mmodzi. Pemphero lichitike motsitsa mawu. Nyimbo zakwaya zidikire akadzatuluka. Mukam'peza ali mtulo musamudzutse, tulo timeneto ndi gawo la kuchira kwake.

Musamuyese mafunso akuti "Wandizindikira? Ndine ndani?" Ambiri akangotsitsimuka amaiwala za ngoziyo, ngakhalenso zimene mwawauza posachedwa, ndipo kulephera kuyankha kumawachititsa mantha. Dzitchuleni nokha: "Ndine azakhali ako. Lero ndi Lachiwiri, uli kuchipatala, amayi ako ali pompano." Akafunsa chinthu chomwecho kangapo, muyankheni mofatsa ngati akufunsa koyamba. Ngakhale atakhala chikomokere, lankhulani ngati akumva, pakuti ena amamvadi. Zokambirana za ngongole, za amene analakwa pangoziyo, kapena zoti mwina sachira, kachitireni panja.

Mwana amene anali waulemu akhoza kutukwana agogo ake, kulira popanda chifukwa kapena kuseka posayenera. Si mwano, si ufiti, si ziwanda. Mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imathandiza munthu kudziletsa, ndiyo yakhudzidwa. Musam'kalipire, ingosinthani nkhani.

Pa zakudya samalani kwambiri. Kuvulala m'mutu kumatha kusokoneza kameza, ndiye phala, thobwa ngakhale madzi enieni angalowere kumapapo n'kuyambitsa chibayo. Funsani namwino kaye musanam'patse wodwalayo chilichonse, ndipo mankhwala azitsamba kapena a m'golosale musam'mwetse mobisa. Ngati mwabwera ndi chakudya, kumbukiraninso gadiyani, amene mwina wakhala masiku osagona bwino. Kumulandirako usiku umodzi n'kopambana botolo la chakumwa.

Sambani m'manja ndi sopo polowa ndi potuluka. Wachimfine kapena chifuwa ayambe wakhala kunyumba. Musajambule wodwala n'kuponya pa WhatsApp kapena pa Facebook, chifukwa panopa sangathe kuvomera kapena kukana.

Itanani namwino msanga mukaona kuti akusanza mobwereza, mutu ukupweteka moonjezereka, akuvuta kudzuka, akuphupha ngati wakhunyu, mkono kapena mwendo wafooka mwadzidzidzi, kapena madzi oyera akutuluka m'mphuno kapena m'khutu. Zizindikiro zimenezi zikaonekera atatuluka kale, bwererani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Mpira, njinga ndi mowa zidikire mpaka adokotala atalola, ndipo kusukulu abwerere pang'onopang'ono, aphunzitsi atadziwitsidwa kuti mwanayo azitopa msanga.