Thupi lalikulu silifuna 450, limafuna masipuling'i olimba

Pakati pa ife timapita ku Donnybrook kuno ku Harare kukaonerera njinga zamoto zikulumpha zitunda, pali mawu amene anakhazikika kalekale: munthu wojintcha agule 450 basi, 250 ndi ya ana. (Manambalawa akunena kukula kwa injini ya njingayo.) Maganizo amenewa avulaza anthu, ndipo amandidandaulitsa.

Yamaha YZ250F kapena Honda CRF250R imanyamula munthu wa makilogalamu 100 bwinobwino. Nkhani yagona pa masipuling'i. Ochokera kufakitale amapangidwira munthu wa makilogalamu pafupifupi 75 mpaka 85, kaya ndi pa 250 kaya pa 450. Wolemera akakhalapo, kumbuyo kumamira, kutsogolo kumapepuka, pokhota njinga n'kumakana kumvera. Khalanipo mutavala zonse, mnzanu ayeze ndi tepi: kumbuyo kutsike mamilimita 100 mpaka 105. Mukamanga sipuling'i kwambiri kuti mufike pamenepo, ndiye kuti yakuchepelani, gulani yolimba, osaiwala akutsogolo.

450 ili ndi mphamvu zoopsa. Wongoyamba kumene imamuthetsa mphamvu m'manja asanazungulire kangapo.

Pogula njinga yakale, funsani maola amene injini yagwira ntchito, komanso tsiku limene anasintha pisitoni. Igwireni kaye injini, ikhale yozizira, kenako ilizeni. Ikavuta kulira, nthawi zambiri mavalavu atha. Chotsani fyuluta ya mpweya, pisani chala kuseri kwake. Mukapezako fumbi lija la mu Okutobala, dziwani kuti lalowa kale mu injini.