Kodi amene analemba nkhaniyo anayezapo?

Sabata ino yokha anthu atatu afika pa benchi langa ndi dandaulo limodzi. Womaliza anali bambo wina waulemu wake, tayi ili m'khosi, chala chikuloza nkhani imene anawerenga pa foni. Power bank yawo ndi ya 20,000 mAh, batire la foni ndi la 5,000 mAh, ndipo nkhaniyo inati adzatchaja kanayi. Iwo akutchaja kawiri ndi theka, kenako zii. "Amisiri, taitsegulani, china chake chapsa mkatimu."

Sindinaitsegule, chifukwa munalibe chopsa. Maselo a mkati mwa power bank ndi a 3.7 V, ndipo 20,000 mAh ija anaiwerengera pamenepo. Mphamvu yake yeniyeni ndi 74 Wh. Koma pa doko la USB pamatuluka 5 V, ndiye ngakhale pasatayike kanthu mwatsala ndi 14,800 mAh. Pokweza voteji mphamvu ina imasanduka kutentha, foni nayo potsitsa votejiyo kuti ilowe m'batire imatayanso ina. N'chifukwa chake zonse ziwiri zimafunda mukamatchaja. Makampani ena achilungamo amalemba timalemba tating'ono kumbuyo kuti chotulukadi ndi 12,000 kapena 13,000 mAh. Amene analemba nkhani ija sanatembenuze n'komwe bokosi. Anagawa 20,000 ndi 5,000, n'kulandira malipiro ake.

Ndatopa nazo. Zaka zoposa 20 ndikuwotcherera mawaya, ndipo ntchito imene imandidyera nthawi masiku ano si kukonza zipangizo ayi, koma kuchotsa m'mitu mwa anthu zimene anawerenga.

Nkhani zoterezi sizimera zokha ngati bowa, zili ndi kochokera. Kampani ikapanga kachipangizo katsopano, ofesi yake yotsatsa malonda imalemba chikalata chokachemerera n'kuchitumiza kwa akonzi a magazini a zamagetsi tsiku limodzi. Mkonzi amene ali ndi nkhani khumi zoti atulutse dzuwa lisanalowe amasintha mutu, n'kudula ndime ziwiri, basi yatuluka. Masamba ang'onoang'ono a pa intaneti amakopera kwa iyeyo. Wina amaidula n'kuiponya pa WhatsApp, ndipo pakutha kwa mwezi mnyamata wogulitsa machaja mu msika akuinena pamtima ngati vesi. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Yesani nokha: tengani chiganizo chimodzi m'nkhani yotamanda chipangizo, chifufuzeni pa Google monga chilili. Mukachipeza pa masamba asanu osasintha ngakhale koma mmodzi, dziwani kuti mwini mawuwo ndi wogulitsa.

Magazini akuluakulu a ntchito yathuyi ndi a ku America. Electronic Design inayamba mu 1952, EDN mu 1956, EE Times mu 1972. Kuyambira kale mainjiniya ankawalandira ulere, ndalama zinkachokera kwa makampani otsatsa malonda m'masamba ake. Choncho vuto la kudya m'mbale ya munthu amene ukumulemba si latsopano. Chimene chinasintha n'chakuti ndalama za malonda a pa pepala zitauma, EE Times inasiya kusindikiza pa pepala kumapeto kwa 2012, EDN n'kutsatira mu 2013, ndipo mu 2016 onse awiri anagulidwa ndi AspenCore, nthambi ya Arrow Electronics, imodzi mwa makampani akuluakulu pa dziko ogulitsa tizipangizo tomwe magaziniwo amalemba. Sindikunena kuti amalemba bodza. Ndimawawerengabe, ndipo muli atolankhani okhwima amene amafunsa mafunso owawa. Koma wowerenga ayenera kudziwa mwini khola, ndiponso kuyang'ana kumutu kwa nkhani ngati alembapo kuti ndi yolipiridwa, kapena kumunsi kwake ngati wolembayo ndi wantchito wa kampani yopanga chinthucho.

Komabe kugwira ntchito ku kampani si tchimo. Bob Pease anali injiniya wa National Semiconductor, Jim Williams wa Linear Technology, ndipo awiriwa ndi amene anandiphunzitsa kuwerenga nkhani za zamagetsi ngakhale sitinaonanepo. Pease ankalemba mu Electronic Design, Williams ankalemba kwambiri mu EDN. Iwo akati dera la magetsi likuchita chakuti, ankaonetsa chithunzi cha oscilloscope, chida choonetsa mayendedwe a magetsi pa sikirini, ankatchula chida chimene anayezera, ankanenanso pamene zinawakanika. Pease ankasindikiza makalata a owerenga omutsutsa, n'kuvomera pagulu akalakwitsa. Onse anamwalira mu Juni 2011, motalikirana masiku osakwana sabata, Pease pa ngozi ya galimoto akuchokera ku mwambo wokumbukira mnzakeyo. Mpaka pano ndikaona nkhani yopanda muyeso ndimaganiza zimene Pease akanailembera.

Ngakhale mbiri ya ntchito yawo yomwe olemba ambiri amaikopera molakwika. Mudzawerenga kambirimbiri kuti Gordon Moore, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa kampani ya Intel, ananena kuti chiwerengero cha matransista, timasiwichi tating'onoting'ono ta pa chip, chimawirikiza kawiri pa miyezi 18 iliyonse. M'magazini ya Electronics ya pa 19 Epulo 1965 iye analemba za chaka chimodzi, ndipo mu 1975 anasintha n'kunena zaka ziwiri. Miyezi 18 ija inachokera kwa mnzake wa ku Intel, David House. Izi sizipsereza nyumba ya munthu, n'zoona. Koma amene sangatsegule nkhani ya masamba ochepa kuti aone chimene mwini wake analemba, mukuganiza kuti angatsegule datasheet, chikalata cha kampani chofotokoza miyeso yonse ya chipangizo, ya masamba 60?

Pa datasheet pomwepo ndi pamene pamagona nkhani. Tsamba loyamba amalemba ndi anthu amalonda, matebulo a mkati amalemba ndi mainjiniya, ndipo nambala iliyonse ya mkatimo ili ndi malamulo ake: pa kutentha kwakuti, pa voteji yakuti, kwa nthawi yakuti. Kapasita (kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi, kopezeka m'mawailesi ndi m'makompyuta) yolembedwa maola 2,000 pa 105°C ikagwiradi ntchito pa kutentha kumeneko sifika miyezi itatu. Mukatsitsa kutentha ndi madigiri 10 moyo wake umawirikiza kawiri, moti pa 65°C imatha zaka zitatu ndi theka. Wailesi imodzimodziyo, ina ili ku Dedza ina ili m'nyumba ya malata ku Nsanje mu Okutobala, sizingafe chaka chimodzi. Sola yolembedwa 300 W anaiyeza maselo ake ali pa 25°C, pomwe padenga masana imatentha moti simungaigwire, ndipo digiri iliyonse yowonjezera imadula mphamvu pang'ono. Nkhani ikakupatsani nambala popanda malamulo ake, yakupatsani ndiwo yopanda nsima.

Kuti atolankhani a ntchitoyi angathe kuchita bwino, umboni ulipo. Kuyambira cha m'ma 1999 mpaka cha m'ma 2007 makompyuta ambirimbiri ankafa msanga chifukwa cha makapasita otupa, ena n'kuphulika. Madzi a mkati mwake ankatulutsa mpweya wa hydrogen mpaka kachitini n'kufufuma. Magazini ina ya ntchito ya makapasita ndi tizipangizo tofanana nato inalemba za vutoli mu 2002, IEEE Spectrum n'kulifotokoza mwatsatanetsatane kumayambiriro kwa 2003, ndipo mu 2005 Dell inapatula madola 300 miliyoni chifukwa cha makompyuta ake okhudzidwa ndi makapasita oipa. Koma onani kuchedwa kwake. Okonza makompyuta anali atayamba kale kusinthana zithunzi za makapasita otupa pamene masamba oyesa zipangizo ankapikisana kunena kuti bolodi iti ikuthamanga kwambiri. Woyesa amakhala ndi chipangizo sabata imodzi, wogula amakhala nacho zaka. Galaxy Note 7 inatamandidwa kwambiri itatuluka mu Ogasiti 2016, pa 2 Seputembala Samsung inayamba kuitanitsa mafoniwo chifukwa cha mabatire oyaka moto, ndipo mu Okutobala inasiyiratu kuwapanga.

Koma nkhani imene imandisowetsa tulo si ya makampani akuluakulu. Ndi ya mayi wina wogulitsa nkhuku zophapha, kasitomala wanga wa zaka zambiri.

Anatenga ngongole ku banki m'khonde kuti agule inverter ndi batire, firiza isamasungunuke magetsi akathima. Mwana wawo wa ku koleji anawatumizira nkhani yoti inverter ya 2,000 W ndi batire la 100 Ah zimayendetsa firiza, TV ndi mababu usiku wonse. Nkhaniyo sinanene kuti 2,000 W ija ndi mphamvu ya kamphindi chabe, yokhalitsa ndi theka lake. Sinanene kuti batire la asidi la 12 V 100 Ah lili ndi 1,200 Wh, ndipo ngati mukufuna likhalitse mumadyapo theka lokha, pomwe firiza m'nyengo yotentha imatha kudya yuniti yathunthu, 1,000 Wh, pa tsiku. Choopsa kwambiri, sinanene kuti inverter imeneyo ndi ya modified sine wave, imene magetsi ake amatuluka modumphadumpha ngati masitepe. Babu siidandaula nawo. Mota ya kompresa imatentha nawo, ndipo poyamba kuzungulira imafuna mphamvu yochuluka kangapo kuposa imene imadya ikamayenda.

Anandiimbira foni. "Achimwene, firiza ija ikung'ung'udza, kenako imati tiki, n'kukhala chete, kenako yayambanso." Ndinadziwa pomwepo chimene chikuchitika. Tiki ameneyo ndi kachipangizo koteteza kompresa, kamene kamadula magetsi mota ikatentha kapena ikakanika kudzuka. Ndinayenera kuwauza kuti zulani pulagi pompano, musailumikizenso ku inverter mpaka nditafika. M'malo mwake ndinati, "Mayi, mukapeza mpata mundiuze ndidzaione." Ndinali ndi ntchito zambiri tsiku limenelo, ndipo ndinalankhula ngati nkhani ya mawa. Iwonso anaimva ngati nkhani ya mawa.

Mpata sunapezeke. Amene anapezeka ndi mnyamata wa pafupi, wa sikuludiraiva imodzi ndi tepi yakuda, amene amakonza chilichonse kuyambira ambulera mpaka TV. Anachotsa kachipangizo koteteza kaja n'kulumikiza waya mwachindunji. Tiki anatha, mayi anasangalala, anamulipira. Patatha masiku ochepa kompresa inapsa usiku, iwo ali ku maliro kumudzi. Pobwera anapeza nkhuku zonse zanunkha, batire nalo litafooka chifukwa cholikama mpaka pansi tsiku ndi tsiku, ngongole ili chiimire. Sanandidzudzule. Anangondionetsa nkhani ija pa foni, n'kunena kuti, "Koma apa analemba kuti zimatheka." Wolembayo sadzadziwa n'komwe kuti mayi ameneyu alipo. Ine ndimadutsa pa khomo pawo popita ku ntchito, ndipo pamene panali firiza pali thumba la makala.

Ndiye ndikamakalipa pa foni masiku ano musadabwe. Firiji kapena firiza ikayamba kuchita tiki mobwerezabwereza, izimitseni. Aliyense amene akuti athetsa vuto pochotsa fyuzi, poikapo waya wokhuthala m'malo mwake, kapena podumphitsa choteteza chilichonse, mutulutseni pa geti ngakhale akhale mlamu wanu. Phokoso lija ndi chipangizo chikudziteteza, iye akungochitseka pakamwa.

Asing'anga a zamagetsiwa amadyera pa nkhani zopanda muyeso zomwezi. Timabokosi toti mukatilowetsa pa soketi mayunitsi adzatsika ndi theka ndatsegulapo tambiri: mkati muli kapasita imodzi, kababu kobiriwira ndi mpweya. Mita ya m'nyumba mwanu imawerenga mphamvu imene mwagwiritsadi ntchito, ndipo kabokosiko sikangachepetse chimene ayironi kapena mbaula yamagetsi ikudya. Nkhani zokatamanda zimatenga mfundo yoona ya m'mafakitale a mamota akuluakulu, kumene power factor, muyeso wa gawo la magetsi okokedwa limene likugwiradi ntchito, imakhudzadi bilu, n'kuibweretsa m'chipinda chanu chogona kumene ilibe ntchito. Mabatire a 18650 a m'matochi olembedwa 9,800 mAh ndi bodza lamkunkhuniza, chifukwa enieni a makampani odziwika amathera cha pa 3,500 mAh, ndipo amalemera pafupifupi magalamu 45. Lanu likapepuka ngati chitsononkho mwadziwa kale. Za sipika yolembedwa 5,000 W PMPO, nambala yokopera ogula ya mphamvu ya kamphindi chabe, pomwe adaputa yake ikutulutsa 30 W, sinditayapo malovu.

Ndipo chonde, foni kapena power bank ikatupa, chivindikiro chikayamba kudzuka chokha kapena sikirini ikatukuka m'mbali, musadikire malipiro a kumapeto kwa mwezi. Musaifinye ndi labala kuti itsekeke. Musaiboole ndi singano kuti mpweya utuluke, ngakhale munaona wina akuchita zimenezo pa vidiyo, chifukwa mukagunda zigawo za mkati batire la lithium limayaka moto wovuta kuzimitsa. Musaiike mu mpunga kapena mu firiji. Izimitseni, musaitchajenso, iikeni pa simenti kutali ndi makatani, matiresi ndi ana, ndipo mawa m'mawa mupite nayo kwa mmisiri amene ali ndi mita yoyezera pa tebulo lake. Mukafika mufunseni kuti batire lakalelo akalitaya kuti.