Musagule nyumba ya lendi kumene simungafike denga likadontha

Ndatopa nalo funso lakuti, "Kodi nyumba zikutchipa kuti masiku ano?" Pafupifupi aliyense wofuna kuyamba bizinesi ya nyumba za lendi amayamba ndi limeneli, ngati kuti kutchipa ndiye phindu. Palibe amene amafunsa kuti paipi ikaphulika usiku adzafikako ndani, nanga adzafika liti. Ntchito yanga ndi yoyendera nyumba ndi kuyang'anira zokonza, ndipo nyumba zambiri zimene ndaziona zikudya ndalama za eni ake sizinali zoipa pogula. Zinagulidwa kutali, kumene mwini sapondako, kenako n'kusiyidwa m'manja mwa aliyense amene wanyamula hamala n'kunena kuti ntchito amaidziwa.

Masamu amene anthu amabwera nawo amakhala okoma. Nyumba ya mtengo wa 100, lendi 1 pamwezi, ndiye kuti 12 pachaka, basi munthu n'kuyamba kumwetulira. Koma nyumbayo ikangokhala miyezi 2 yopanda munthu, 12 uja watsika kufika pa 10. Ambiri pa ntchito yathu timalangiza kusunga pafupifupi 1 pa 100 aliyense wa mtengo wa nyumba chaka chilichonse kaamba ka zokonza, ndipo nyumba yakale imafuna zoposa pamenepo. Mwatsala ndi 9, msonkho, inshuwalansi ndi wokutolerani lendi musanawawerengere. Dera limene nyumba zake n'zotchipa kwambiri nthawi zambiri ndi lomwenso nyumba zimakhalitsa zopanda anthu. Mtengo sutsika popanda chifukwa.

Za mapepala a umwini sindikambapo. Amene amapereka ndalama asanawatsimikizire, nkhani ino siingamuthandize.

Chimene chimadzaza nyumba ndi anthu amene ali ndi chifukwa chokhalira m'deralo komanso malipiro obwera mwezi ndi mwezi. Funsani kuti anthu akumeneko amagwira ntchito kuti. Ngati onse akudalira fakitale imodzi kapena mgodi umodzi, dziwani kuti tsiku limene utsekedwe, nyumba zonse zidzakhuthuka limodzi, yanu ndi za anzanu, ndipo mudzalimbirana matenanti ochepa otsalawo potsitsa lendi. Dera lokhala ndi sukulu, chipatala, malonda ndi mayendedwe osavuta limapirira chimodzi chikagwa. Musafunse wogulitsa. Funsani amene akuchita lendi pafupi kuti akulipira zingati, akhalapo nthawi yaitali bwanji, ndipo madzi amasowa kangati. Pitaniko usiku. Pitaniko mvula ikugwa, muone kumene madzi amalowera, chifukwa nyumba yomangidwa m'chigwa imaoneka bwino m'chilimwe monga ina iliyonse. Mzere wakuda m'munsi mwa makoma a nyumba zoyandikana umanena zoona kuposa munthu aliyense.

Ndiye pali funso limene ndimaliika patsogolo pa onsewa: kumeneko kuli amisiri? Sindikunena aliyense wokhala ndi sipanala. Kuli wamagetsi wa chiphaso? Kuli pulambala amene mungapite kukaona ntchito imene anagwira chaka chatha, muone ngati ikadali yolimba? Ngati mayankho ake simukuwadziwa, deralo simukulidziwa, ngakhale mutaloweza mitengo ya nyumba zonse.

Pali nkhani imene imandiwawabe. Mayi wina wamasiye anagula nyumba ndi ndalama zimene analandira popuma ntchito. Anagula kutali ndi kumene amakhala, chifukwa kumeneko ndalama yomweyo inkagula nyumba yaikulu. Anapeza banja labwino, lolipira pa nthawi yake. Mvula itayamba, tenanti anaimba kuti pa siling'i ya chipinda cha ana paoneka banga. Mayiwo anati adzaona mwezi ukatha. Mwezi unatha, ulendo unali wodula, ndipo anatuma mnyamata wina amene wachibale anamuyamikira kuti amatha zonse. Mnyamatayo sanakwere padenga n'komwe. Anapaka penti pa bangalo, n'kutumiza chithunzi pa WhatsApp, n'kulandira ndalama yake. Pachithunzipo chipinda chinkawala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chinali pamwamba chinali chaching'ono kwambiri: misomali ingapo ya malata inali itamasuka ndipo timphira take tinali titauma, madzi n'kumatsetsereka pa mtanda. Ntchito ya m'mawa umodzi. Koma thabwa likakhala lonyowa kwa miyezi limawola, ndipo chiswe chimakonda pa chinyezi. Pofika dzinja lotsatira, siling'i inagwera pabedi la ana. Mwamwayi kunali masana, ana ali kusukulu. Pamene ankandiitana, mitanda iwiri inali yoti ungaboole ndi chala, waya wamagetsi wodutsa pamenepo anali m'madzi, banja lija linali litasamuka, ndipo nyumba inakhala yotseka miyezi yambiri. Mayiwo anandifunsa kuti, "Bambo, ndinalakwa pati? Ndalama ndinatumiza." Anatumizadi, ndipo sanali munthu woumira. Anangokhala kutali kwambiri moti sakanatha kuimirira pansi n'kufunsa funso limodzi lokha, lakuti madziwo akuchokera kuti.

Funso limenelo ndi limene limasiyanitsa mmisiri ndi wachinyengo. Mmisiri weniweni amafuna gwero. Wachinyengo amabisa chizindikiro, chifukwa akudziwa kuti inu mulipira chimene maso anu aona. Banga alipaka penti. Mng'alu aumata simenti. Fungo la kuchimbudzi alithira mankhwala. Ndipo amakhala wotchipa, wofulumira, waulemu, wosakana ntchito iliyonse. Munthu amene akuti amamanga, amalumikiza magetsi, amakonza mapaipi komanso amakhoma denga, ine ndimamuopa.

Kumagetsi n'kumene amapha anthu. Bureka, switchi ya m'bokosi la magetsi imene imadzizimitsa yokha pakakhala vuto, ikamagwa kawirikawiri, ikugwira ntchito yake: ikukuuzani kuti penapake waya akutentha kapena magetsi akuthawa. Wachinyengo amachotsa bureka ija n'kuika yaikulu, kapena kuilumpha ndi waya, tenanti n'kusangalala kuti magetsi sakuzimanso. Tsopano chimene chidzagonje ndi waya wa m'khoma, ndipo waya sagwa ngati bureka, amayaka. Chimodzimodzi ndi kachipangizo kamene kamadula magetsi akangothawa pang'ono, pa mamiliampeya 30 (30 mA), omwe ndi magetsi ochepa kwambiri. Kamene kaja kanaikidwa kuti munthu wogwira chitsulo chonyowa asafe. Wina akakuuzani kuti n'kovutitsa, tikachotse, muthamangitseni tsiku lomwelo. Soketi yakuda m'mbali, fungo la pulasitiki yopsa, mpope umene umagwira dzanja munthu akamasamba, izi sizidikira kuti lendi ilowe kaye.

Ming'alu nayo anthu amaisokoneza. Yopyapyala ngati tsitsi, ya pa pulasitala, nthawi zambiri si yoopsa. Koma mng'alu wokwera ngati masitepe potsata njerwa, wotakata kuposa mamilimita 5, kapena umene ukukula zitseko n'kuyamba kukana kutseka, ukunena za maziko. Dothi la makande limafufuma likanyowa n'kunyala likauma, ndipo paipi yodontha pansi kapena mtengo waukulu pafupi ndi khoma zimawonjezera vutolo. Apa pamafunika injiniya. Kumata kokha kumangokubisirani kuti nyumba ikuyendabe. Ndipo wokuuzani kuti konkire wathira lero mawa aumangire, sadziwa kuti konkire amafuna kunyowetsedwa masiku osachepera 7 ndipo mphamvu yake imayezedwa pa masiku 28.

Ngati mwagula nyumba yakale ya denga kapena siling'i ya asibesitosi, musalole aliyense kuidula, kuiboola kapena kuipala mwachisawawa. Fumbi lake limawononga mapapo, ndipo matenda ake amatulukira patapita zaka zambirimbiri, pamene mmisiri uja, tenanti ndi inu nomwe munaiwala kalekale za tsikulo.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti ali ndi wowayang'anirira nyumba, ndiye mtunda ulibe kanthu. Zimatheka, ndipo alipo oyang'anira abwino. Koma woyang'anira naye amafuna womuyang'anira. Muzifuna khotesheni yolembedwa ntchito isanayambe, zithunzi zoonetsa pamene vuto linachokera osati pamene papakidwa penti pokha, ndi malisiti a zipangizo. Musalipire ndalama yonse ntchito isanathe. Pa ntchito ya denga, sungani gawo mpaka mvula igwe. Mmisiri wodzidalira sakana zimenezi.

Chinanso chimene eni nyumba amadziwonongera okha ndi mmene amayankhira tenanti. Munthu akaimba kuti mpope ukudontha, inu n'kumukalipira kapena kumuopseza kuti mudula pa dipoziti, ulendo wina sadzaimbanso. Adzaika ndowa pansi n'kukhala chete, ndipo mudzadziwa za vutolo akusamuka, kabati ya pansi pa sinki itawola. Tenanti ndi amene amagona m'nyumbamo, ndiye woyamba kumva dontho. Lembani mumgwirizano zimene akonze yekha, monga mababu ndi zimene waswa, ndi zimene zili zanu, monga denga, mapaipi, mawaya ndi makoma. Muuzeni kuti za madzi ndi magetsi aziimba nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo pa tsiku lolowa mumusonyeze pamene pali valavu yotsekera madzi a nyumba yonse ndi switchi yaikulu ya magetsi. Kenako inuyo, mvula isanayambe chaka chilichonse, tumani munthu akwere padenga, achotse masamba m'ngalande za madzi, aone misomali ndi molumikizira malata, alowenso m'siling'i ndi tochi. Ngati nyumba ili kutali moti ngakhale zimenezi simungazitsimikizire ndi maso anu kapena a munthu amene mumamukhulupirira, yang'anani yaing'ono kufupi.