Mphika Wakale, Ndiwo Zatsopano: Nkhani ya Georg Heym ndi Anzake

Pa 16 Januwale okonda ndakatulo za Chijeremani amakumbukira Georg Heym, yemwe anamira mu mtsinje wa Havel mu 1912 ali ndi zaka 24. Ankatsetsereka pa madzi oundana ndi mnzake Ernst Balcke, madziwo anaphwanyika, onse awiri osabwerako. Dzina lake likatchulidwa, mkangano wakale umadzuka: Heym ndi alakatuli anzake, omwe amati anagwetsa ulakatuli wa makolo awo, anagwetsadi chiyani, pomwe ankalembabe m'kalembedwe ka makolo omwewo?

Ine ndimaona kuti zinthu zinatembenukira ku Berlin mu 1910 ndi 1911. Kurt Hiller anali atayambitsa kagulu ka alembi achinyamata kotchedwa Der Neue Club mu 1909, ndipo chaka chotsatira anayamba kulakatula pagulu madzulo. Mu Januwale 1911 mmodzi wa iwo, Jakob van Hoddis, anatulutsa "Weltende", kutanthauza kutha kwa dziko. Mizere ndi 8 basi, ndime ziwiri, mawu akumapeto akugwirizana bwinobwino ngati za m'buku la kusukulu. Koma m'katimo chipewa chikuuluka pamutu pa bwana, okhoma madenga akugwa n'kuthyoka, sitima za pamtunda zikugwa pa milatho, ndipo pakati pa zoopsa zonsezi akutiuza kuti anthu ambiri ali ndi chimfine. Mzere uliwonse ukungoima pawokha ngati mitu ya nkhani m'nyuzipepala.

Chaka chomwecho Heym anatulutsa buku la Der ewige Tag. Iye ankakonda soneti, ndakatulo ya mizere 14 yochokera ku Italy, imene kwa zaka mazana ambiri inkanyamula za chikondi. Heym anaidzaza ndi migolo yopaka phula ikugubuduzidwa kupita m'mabwato, utsi wa m'mafakitale ndi fungo la zikopa. Mlakatuli wa ku Austria Georg Trakl nayenso analemba masoneti.

Mlakatuli wina wa m'badwo womwewo, Johannes R. Becher, anadzalemba kuti mizere 8 ya Hoddis inawasandutsa anthu ena. Umboni umenewu ndi wokoma, koma anaulemba m'ma 1950, atakula komanso ali nduna ku East Germany, ndiye tiziumva mosamala. Cholimba ndi chakuti Kurt Pinthus anaika ndakatuloyo poyambirira penipeni pa Menschheitsdämmerung, buku losonkhanitsa alakatuli a m'badwowu lomwe linatuluka nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha.

Otsutsa amaloza August Stramm wa magazini ya Der Sturm, yemwe anaphwanyadi chiganizo, mzere n'kutsala ndi liwu limodzi. Kwa iwo Heym anali mwana wa loya wa boma amene analephera kuvula jekete la bambo ake. Mwina. Koma Stramm umamuona kutali kuti akubwera ndi nkhwangwa, pomwe Heym amakukhazika pa mpando wozolowera, kenako n'kukuonetsa mtembo ukuyandama pamadzi. Akanakhala moyo akanaitaya soneti kapena ayi, palibe kalata imene ingatiuze. Trakl anafa mu 1914, Stramm mu 1915, ndipo Hoddis anaphedwa ndi a Nazi mu 1942.