RAM siitsitsidwa pa intaneti

M'magulu a WhatsApp, kuyambira ku Ulongwe mpaka ku Moatize, uthenga uja umangobwerabe: akuti tsitsani kapulogalamu aka, mulipire mametikali pang'ono, RAM iwirikiza kawiri ndipo kompyuta izithamanga. Limeneli ndi bodza, abale. RAM ndi kachipangizo kogwirika kam'kati mwa makina, kosunga kwakanthawi zimene kompyuta ikugwiritsa ntchito, ndipo malinki otere nthawi zambiri amabweretsa mavairasi.

Chimachedwetsa kompyuta ndi disiki yodzaza, mapulogalamu odziyatsa okha, komanso fumbi lotseka fani. Ndi kutentha kwa kuno ku Tete, makina akatentha kwambiri amadzichepetsera okha liwiro. Zimitsani kompyutayo, mupukute fumbilo.

Pa Windows, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi. Patseguka pulogalamu yotchedwa Task Manager, ndipo ikuonetsani kukula kwa RAM yanu ndi chimene chikuidya.

Uthengawo ukakupezani, chonde musautumize kwa ena.