Akakuuzani kuti mafupa a msana atha

Pali mawu amene timawamva pafupipafupi m'chipinda cha fiziyo, mmene timathandiza odwala ndi masewera olimbitsa thupi: "Anandiuza kuti mafupa anga atha." Munthu amawanena atafumbatira envelopu ya X-ray, ndipo mukamuyang'anitsitsa mumaona kuti chamufoola kwambiri si ululu ayi, koma mawuwo. Wasiya kupita kumunda, wasiya kunyamula chidzukulu, wina mpaka akuopa kugwada popemphera kuti mwina msana ungathyoke. Mawu amenewa ndawaona akulumalitsa anthu amene matenda awo pawokha sakanawalumalitsa, n'chifukwa chake ndikufuna tiwaunike bwino.

Msana si fupa limodzi. Ndi timafupa tosanjikizana kuyambira pansi pa chigaza: 7 m'khosi, 12 pamene pamalumikiza nthiti, 5 m'chiuno, kenako pansi pake pali tina timene tinaphatikizana. Pakati pa fupa ndi linzake pali disiki, kachicherewecherewe kolimba kunja koma kofewa ndi kodzaza madzi mkati, kamene kamalandira kulemera kwa thupi. Kumbuyo kwake kuli ngalande yodutsamo mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, ndipo pa mfundo iliyonse pamatuluka mitsempha iwiri, wina kumanja wina kumanzere. Ya m'khosi imapita m'mikono mpaka ku zala, ya m'chiuno imatsikira m'miyendo.

Munthu akamakula, madisiki amataya madzi pang'onopang'ono n'kuphwa. Timfundo ta kumbuyo timaperepeseka, ndipo m'mphepete mwa mafupa mumamera timilomo tosongoka. Zimenezi ndi zomwe lipoti la X-ray limatchula kuti spondylosis. Koma tamvani izi. M'chaka cha 2015 akatswiri ena anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri wa anthu opanda ululu uliwonse wa msana amene anajambulidwa ndi makina a MRI kapena CT. Anapeza kuti mwa anthu 100 a zaka 20, anthu 37 anali kale ndi madisiki osonyeza kutha, ndipo mwa a zaka 80 anali 96. Anthu osadwala, oyenda bwinobwino. Kusintha kumeneku kuli ngati imvi: kumasonyeza kuti zaka zapita, sikuti munthu wadwala. Anthu awiri akhoza kukhala ndi zithunzi zofanana, wina akubuula wina akupalasa kabaza. Choncho chithunzi pachokha sichitiuza kuti ululu ukuchokera pati, ndipo sichitiuza n'komwe kuti mawa mudzakhala bwanji.

Sindikunena kuti ululuwo ndi wongoganizira. Ndi weniweni, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse anali ndi ululu wa m'chiuno, vuto limene limaposa ena onse polepheretsa anthu kugwira ntchito zawo. Chimene ndikunena n'chakuti ululu wambiri wa khosi ndi chiuno umachokera ku minofu ndi mfundo zimene zatopa kapena zauma, umabwera n'kupita, ndipo umakula munthu akamasowa tulo, akakhala ndi nkhawa, kapena akasiya kuyenda chifukwa cha mantha. Wotere nthawi zambiri umayamba kuchepa pakatha masabata ochepa, ngakhale ukhoza kubweranso nyengo yolima ikafika.

Nkhani imasintha mtsempha ukapanikizika. Disiki ikatuluka pang'ono n'kukhudza mtsempha wa m'chiuno, ululu umayambira m'thako, kutsika kumbuyo kwa ntchafu mpaka kuphazi, wotentha kapena wobaya, nthawi zina ndi dzanzi ku zala. Munthu akatsokomola kapena kuyetsemula amaumva mpaka kumusi. Zikachitika m'khosi, ululu umatsikira m'phewa ndi mumkono. Umenewu ndi ululu woopsa kuumva, koma ambiri amachira popanda opaleshoni mkati mwa miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa thupi limatha kuyamwa kachigawo ka disiki kotulukako ndipo kutupa kwa mtsempha kumaphwa.

Achikulire ali ndi vuto lina limene achibale kawirikawiri salimvetsa, kuchepa kwa ngalande ya mitsempha ya m'chiuno. Agogo amanyamuka bwinobwino kupita kutchalitchi, koma akayenda kamtunda pang'ono miyendo imalemera, imachita dzanzi, mpaka amafuna poti akhale. Akakhala pa chitsa kapena akawerama n'kugwira mawondo kwa mphindi zingapo, amatha kupitiriza. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo amapalasa njinga ulendo wautali osadandaula. Kunyumba amayamba kunena kuti agogo akuchitira dala. Ayi ndithu: kuwerama kumakulitsa ngalandeyo, kuima chilili kumaipanikiza. Amene ali ndi vutoli asasiye njinga, ndipo ndodo yoyendera asachite nayo manyazi.

Tsopano zimene sizifuna kudikira. Ngati pamodzi ndi ululu wa msana mkodzo ukukanika kutuluka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka osazindikira, kapena mwachita dzanzi kumaliseche ndi pakati pa matako moti simukumva podzipukuta, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Anthu amabisa zimenezi chifukwa cha manyazi, makamaka mayi wachikulire akakhala kuti wamuperekeza ndi mwana wake wamwamuna, koma apa kuchedwa kwa masiku ochepa kukhoza kuwononga mitsempha mpaka kalekale. Chimodzimodzi ngati mwendo ukufookerafookera, phazi likukwakwaza pansi, patapata akuvuka yekha. Za m'khosi, chenjerani manja akayamba kulephera kumanga mabatani kapena kuwerenga ndalama, kapu ikamapulumuka, mayendedwe akakhala a dzandidzandi. Pamenepo mtsempha waukulu weniweniwo ndi umene ukupanikizika, ndipo ululu wa khosi ukhoza kukhala wochepa kwambiri, n'chifukwa chake ambiri amafika mochedwa.

Kuno kwathu pali chinthu china chimene ndimachiopa kuposa kutha kwa madisiki: TB ya msana. Imayamba mwakachetechete, ululu wa malo amodzi umene suleka ngakhale mutagona, umakula usiku, ndipo umapitirira miyezi. Munthu amaonda, amatuluka thukuta usiku, thupi limatentha madzulo, koma akhoza kukhala wosatsokomola n'komwe. Ikasiyidwa imadya fupa mpaka pamsana pamatuluka kalinunda, kenako miyendo imafa. Amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chachikulu, koma imagwiranso amene alibe, ndi ana omwe. Mankhwala ake alipo m'zipatala zathu ndipo ndi aulere. Zimandipweteka mtima kuona munthu amene wamwa mapiritsi a nyamakazi chaka chathunthu pamene ikanapezeka msanga akanachira akuyenda yekha. Amene anadwalapo khansa, monga ya bere kapena ya prostate (kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo), ndi achikulire amene ululu wayamba atagwa ngakhale pang'ono, nawonso asangoti ndi ukalamba.

Zikadziwika kuti zoopsazi palibe, thandizo lalikulu ndi kuyenda. Ndikudziwa kuti anthu sakondwa ndikamanena zimenezi. Munthu wabwera kuchokera kutali, walipira minibasi, akuyembekezera jakisoni, ine n'kumuuza kuti aziyenda. Koma kugona pamphasa sabata yonse kumafoola minofu yogwira msana ndipo kumaumitsa mfundo, podzuka ululu umakhala woposa pachiyambi. Ululu ukafika povuta pumulani tsiku limodzi kapena awiri, koma ngakhale pamenepo muzidzuka n'kuzungulira pabwalo. Kenako yambani ndi mphindi 10 pamalo osalala, m'mawa ndi madzulo, n'kumawonjezera pang'ono sabata iliyonse. Kumva kuwawa pang'ono poyenda sikutanthauza kuti mukuwononga kanthu. Chofunika kuyang'ana ndi ichi: ngati ululu ukubwerera pamene unali pofika mawa lake, pitirizani, ngati ukutsikira kwambiri m'mwendo kapena dzanzi likukula, chepetsani ndipo mukaonedwe.

Pali masewera amene safuna chida chilichonse. Gonani chagada pamphasa, pindani mawondo, mapazi aponde pansi. Limbitsani matako n'kukweza chiuno m'mwamba mpaka thupi liwongoke kuchokera m'mapewa kufika m'mawondo, werengani mpaka 5 mukupuma bwinobwino, n'kutsitsa pang'onopang'ono. Chitani kakhumi. Mukadali chigonere, gwetsani mawondo onse awiri kumanja, kenako kumanzere, mapewa asachoke pansi. Za khosi, khalani pampando, yang'anani kutsogolo, kokerani chibwano kumbuyo popanda kuweramitsa mutu mpaka mumve kumbuyo kwa khosi kukutambasuka, gwirani pang'ono n'kumasula. Si onse amene amayanjana ndi masewera amodzimodzi: wa ngalande yochepa amapeza bwino akakokera mawondo pachifuwa, pamene wa disiki yotuluka nthawi zambiri kuwerama kumamuwonjezera ululu. Apa ndi pamene wa fiziyo amathandiza kusankha. Ndipo zotsatira zimaoneka pakatha masabata, osati mawa.

Kuuza mlimi kuti asamawerame ndi kumuuza kuti asadye. Msana unapangidwa kuti uziwerama ndi kunyamula. Chimene umadana nacho ndi kukhala mowerama maola ambiri osawongoka, komanso katundu woposa amene unazolowera. Ndiye polima, mukamaliza mzere umodzi kapena iwiri wongokani, gwirani m'chiuno, pendekerani kumbuyo pang'ono kangapo musanayambe wina. Mpini wa khasu ukhale wautali mokwanira msinkhu wanu, tsache nalonso. Zochapa ziikeni pamalo okwera. Thumba la makilogalamu 50 ligaweni kapena munyamule awiri, ndipo katundu aliyense ayandikire thupi, musapotoze chiuno mutamunyamula. Chidebe cha malita 20 ndi makilogalamu 20 atakhala pa timafupa 7 ta m'khosi. Mayi amene dzanzi layamba kutsikira m'manja achepetse madziwo n'kupita kawiri, kapena agwiritse ntchito njinga kapena wilibala, ndipo apabanja amvetse kuti si ulesi. Ogwira ntchito muofesi ndi madalaivala vuto lawo ndi lomwelo mwanjira ina: kukhala malo amodzi. Palibe kakhalidwe kamodzi kolondola kamene kangakupulumutseni mukakhala maola asanu osadzuka. Dzukani pakatha theka la ola kapena ola, kwezani kompyuta ifanane ndi maso, foni musamaiwerengere pamiyendo. Pogona pilo akhale wongodzaza mpata wa pakati pa khutu ndi phewa. Ogona chammbali aike wina pakati pa mawondo. Osuta fodya adziwe kuti fodya amafulumizitsa kutha kwa madisiki.

Mankhwala ntchito yake ndi kuchepetsa ululu kuti muthe kuyenda, sabwezeretsa disiki. Panado ndi wofatsa m'thupi, ngakhale pa ululu wa chiuno payekha sathandiza kwambiri, ndipo wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a mamiligalamu 500 patsiku. Brufen, diclofenac ndi indocid amathandiza kuposa panado, koma ndi omwa masiku ochepa, mutadya, ndipo musaphatikize awiri nthawi imodzi. Akamwedwa miyezi amabweretsa zilonda za m'mimba, amakweza BP, amawononga impso. Amene ali ndi shuga, BP, vuto la impso, amayi oyembekezera, ndi amene akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir, amene ambiri akumwa masiku ano, afunse kaye kuchipatala. Chimene ndimadana nacho kwambiri ndi timapiritsi tosakaniza togulitsidwa mopanda dzina pamsika, komanso kumwa prednisolone kapena dexamethasone mosauzidwa ndi dokotala. Ululu umatha msanga, inde, koma pakapita nthawi nkhope imatupa, shuga amakwera, mafupa enieniwo amafooka, ndipo TB imene inabisala imapeza mpata.

Nsalu yoviika m'madzi ofunda ndi kusisita zimapepuza, zichiteni, bola musaike chotentha pamalo a dzanzi chifukwa mukhoza kupsa osamva. Malamba omanga m'chiuno amene akugulitsidwa paliponse, malangizo a WHO a 2023 okhudza ululu wa chiuno wokhalitsa sakuwalimbikitsa, monganso sakulimbikitsa makina okoka msana ndi mankhwala amphamvu a gulu la morphine. Mphini timaziona pamisana yambiri. Sindinyoza munthu amene ululu unamufikitsa kumeneko, koma vuto lili mkati kwambiri kumene lumo silifika, ndipo lumo logwiritsa ntchito anthu angapo lili ndi zoopsa zake. Khosi lanu musalole aliyense kulipotoza mwamphamvu kuti lilire, makamaka ngati manja akuchita dzanzi.

Opaleshoni ndi ya anthu ochepa: amene ali ndi zizindikiro zoopsa zija, amene mphamvu ikutha, kapena amene ululu wa m'mwendo wakana kutha patapita miyezi akuthandizidwa moyenera. Imathandiza kwambiri ululu wotsikira m'mwendo kapena mumkono kusiyana ndi wa pamsana penipeni. Pa vuto la mtsempha waukulu wa m'khosi, cholinga chake chachikulu ndi kuletsa kuti zinthu zisaipireipire, n'chifukwa chake kufika msanga kuli kofunika. MRI ndi yodula ndipo imapezeka malo ochepa. Musagulitse mbuzi kuti mujambulitse ngati dokotala sakuganizira za opaleshoni kapena matenda oopsa, chifukwa ikhoza kungokusonyezani zimene anzanu a msinkhu wanu nawonso ali nazo.

Poyambira ndi chipatala cha boma lanu, kumene kuli ma clinical officer a mafupa, ndipo iwo ndi amene amatumiza ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba kapena Mzuzu. Ku Lilongwe kuli chipatala cha LION choona za mafupa ndi mitsempha, ndipo ku Blantyre kuli Kachere, kumene amathandiza anthu kuyambiranso kuyenda. Popita tengani buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, a pamsika ndi azitsamba omwe. Mukafotokoze kuti ululu unayamba liti, umafika pati, umakudzutsani usiku kapena ayi, mumayenda mtunda wotani musanakhale pansi, ndipo za mkodzo ndi dzanzi la kumusi muzinene nokha ngakhale asanakufunseni.