Mafunso ndi mayankho pa ndondomeko yathu yopereka abuluzi a bearded dragon kuno ku England

Ife timalandira abuluzi omwe eni ake alephera kuwasamala nʼkuwapereka kwa ena ofuna kuweta. Foni ya muofesi mwathu yakhala ikulira ndi mafunso amodzimodzi, makamaka ochokera kwa anthu omwe anabwera kudzatenga buluzi nʼkubwerera chimanjamanja. Ena alankhula mokalipa ndithu. Tayankha pano kuti tisamangobwereza zomwezo pafoni.

Kodi ndi buluzi wamtundu wanji?
Ndi Pogona vitticeps, wachibale wa gulo, ndipo kwawo ndi madera ouma a mʼkati mwa Australia. Akasamalidwa bwino amakhala zaka 10 mpaka 15.

Pamafunika chilolezo cha boma kuti ndimuwete?
Ayi. Lamulo la Dangerous Wild Animals Act la 1976 limakhudza abuluzi aululu monga Gila monster, osati uyu. Amene amafunika chilolezo cha khonsolo ndi ochita malonda a ziweto, malinga ndi malamulo omwe anayamba kugwira ntchito mu 2018. Komabe lamulo la Animal Welfare Act la 2006 limakukakamizani kupatsa chiweto malo ndi chakudya choyenera.

Ndinabwera ndi ndalama mʼmanja, bwanji munandibweza?
Ili ndiye dandaulo lalikulu. Sitipereka buluzi tisanaone chithunzi cha khola lomwe laikidwa kale mʼnyumba, magetsi ake akuyaka. Khola la buluzi wamkulu lisachepere masentimita 120 mʼlitali, 60 mʼlifupi ndi 60 msinkhu. Mbali imodzi pakhale babu lotenthetsa lolumikizidwa ku thermostat (kachipangizo kowongolera kutentha), pomwe kutentha kuzifika madigiri 38 mpaka 42 Celsius. Mbali inayo kuzikhala 22 mpaka 26, kuti akatenthedwa azithawirako.

Chomwe chimalepheretsa ambiri ndi getsi la UVB, lotulutsa mtundu wa kuwala kosaoneka ndi maso komwe kumapezeka mʼdzuwa. Ena amati khola aliika pawindo, dzuwa lizimuwomba. Galasi limatchinga kuwala kwa UVB, ndiye dzuwa lapawindo silimuthandiza, mwinanso lingatenthetse khola mopitirira. Popanda kuwalaku thupi lake silipanga vitamini D3, kashiamu salowa mʼmafupa, ndipo mafupawo amafewa. Abuluzi ambiri omwe amatulidwa pakhomo pathu amafika nsagwada ili wedewede, miyendo ikunjenjemera, msana utapindika, akukwawa ndi mimba. Msana ukapindika suwongokanso. Getsili limafooka ngakhale likuoneka kuti likuyaka, choncho limasinthidwa pa nthawi yomwe opanga analemba, kawirikawiri pakati pa miyezi 6 ndi 12.

Kubwezedwa sikutanthauza kuti takuonani ngati munthu wankhanza, ndipo mukhoza kudzafunsanso mukakonza zomwe zatsala. Koma sitingalonjeze kuti buluzi yemwe munamukondayo adzakhala alipobe. Ngati mukukhala nyumba ya lendi, timafunanso kalata ya eni nyumba.

Ndalama zomwe timapereka nʼzachiyani, nanga zimabwezedwa?
Si mtengo wogulira buluzi. Zimathandiza kulipira dotolo wa ziweto, kuyezetsa ndowe ngati muli njoka zamʼmimba, ndi chakudya cha nthawi yomwe anali kuno. Nthawi zambiri sizibwezedwa. Buluzi akadwala patangopita masiku ochepa, dotolo nʼkulemba kuti matendawo anayamba ali mʼmanja mwathu, nkhaniyo timaiunika payokha, koma pamenepanso sitikulonjeza kanthu pasadakhale. Kusintha maganizo mutafika naye kunyumba si chifukwa chobwezera ndalama.

Bilu ya magetsi ikwera?
Inde, ikwera. Magetsi a mʼkhola amayaka pafupifupi maola 12 tsiku lililonse, ndipo palibe njira yozembera. Ngati bajeti ndi yothina kale, ganizani kawiri.

Kodi abuluzi anu amaonedwa ndi dotolo asanaperekedwe?
Aliyense amaonedwa, ndipo mumapatsidwa pepala la zomwe dotolo anapeza.

Amadya chiyani?
Wamngʼono amadya kwambiri tizilombo tamoyo monga ziwala ndi nkhululu, towazidwa ufa wa kashiamu. Akakula, gawo lalikulu likhale masamba monga mpiru, ndi timapisi ta dzungu mwa apo ndi apo. Mapeyala (avocado) musamupatse. Amene amachita nseru ndi ziwala zodumpha mʼkabokosi, chiweto chake si ichi.

Ndingatenge awiri kuti asamasungulumwe?
Mʼkhola limodzi ayi. Amalumana michira ndi zala, ndipo wamphamvu amalanda malo otentha.

Tili ndi mwana wamngʼono, mutikaniza?
Osati nthawi zonse, koma tikambirana kaye. Abuluzi amanyamula tizilombo ta salmonella ngakhale akuoneka athanzi, ndipo ana osakwana zaka 5 ndiwo amadwala nato kwambiri. Sambani mʼmanja ndi sopo mukamugwira, ndipo mbale zake musatsukire musinki ya kukhitchini.

Wasiya kudya ndipo akungogona. Mwatipatsa wodwala?
Mwina ayi. Nyengo yozizira ikafika, abuluzi akuluakulu ambiri amachepetsa kudya nʼkumabisala kwa masabata angapo. Muzimuyeza pasikelo. Ngati akutsika thupi, maso alowa mʼkati, kapena sanakwanitse chaka chimodzi, pitani naye kwa dotolo wodziwa za zokwawa. Ife sitiyeza matenda pafoni.

Ndalephera kumusamala, ndingakamusiye kupaki?
Ayi. Lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kutaya kutchire nyama yomwe si ya dziko lino, ndipo ndi kuzizira kwa kuno sangakhalitse. Tiimbireni. Omwe anachokera kwa ife timawalandiranso, ngakhale mungafunike kudikira mpaka khola lina litapezeka.